Thandizeni, mlamu wandibwezera ngongole ndi madola aku Zimbabwe

Membala wobisa dzina
Salaam aleikum nonse, a mipingo mwaswera bwanji. A admin ndibiseni dzina chifukwa abale a amuna anga ali pagulu pompano ndipo amangodikira kuti ndiphonye. Ine ndimakhala mbali ya ku Namwera, ndimagulitsa usipa ndi utaka wouma, ndimakapikula ku Makawa. Mu 2023, kwacha isanagwe, mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, anabwera kudzandilirira kuti ndimuthandize ya pasipoti ndi ya ulendo wa ku Joni. Ndinamupatsa K450,000, ina ya mpamba wanga, ina ndinachita kukakongola ku banki m'khonde. Amuna anga analipo, apongozi analipo, koma lero onse akuti sakukumbukira bwino kuti zinali zingati. Apongozi omwewo amene mwana wanga atatuluka ku jando sanabweretse ngakhale nkhuku, koma wa mwana wawo wamkazi anamuphera mbuzi. Ine sindinalankhule. Amuna anganso foni yomwe ndinawagulira anaika pasiwedi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye mnyamatayo ku Joni sanafike, anatsakamira ku Harare, akuti anapeza ganyu pa galaja. Wabwera sabata yatha ndi sipika yaikulu ngati kabati komanso mkazi wolankhula Chishona amene sagwada popereka madzi. Wabweretsa envulopu, akuti muli madola, akuti ku Zimbabwe anthu amagula chilichonse ndi madola, ndipo ndikasintha ndipeza zoposa zimene ndinamupatsa, moti chenji ndimubwezere. Mnzanga wa pamsika akuti ndisamale chifukwa kumeneko kumayenda ndalama zamitundumitundu. Kodi n'zoona kuti dziko limodzi lingakhale ndi ndalama ziwiri zitatu? Nanga ndikasinthe kuti, ku boma kapena ku Chiponde? Mwana wa Fomu 3 amubweza kale kawiri chifukwa cha fizi, mutu wanga sukugwira. Osandinyoza chonde.

Kabaza wa pa M'baluku
Sipikayo mwaiona kale, bwanji osangotenga yomweyo kkkk

Mayi wa pa Kauntala
Asisi, pepala la ndalamayo lalembedwa chiyani pamwamba? Pali nkhope ya ndani? Jambulani mutionetse, mubise manambala okha. Popanda zimenezo tonse tikungolota.

Mfumu ya Msewu wa Joni
MAYI LANDIRANI MSANGA ASANASINTHE MAGANIZO. Ine msewu umenewo ndi kwathu. Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, ndimadutsa nditatsinzina. Mnyamatayo sakunama. Ku Zimbabwe mafuta timathira ndi dola ya Amereka, sadza ndi nyama pa Mbare ndi dola, minibasi ndi dola. Ukayandikira ku Beitbridge randi ikuyenda bwinobwino ngati uli ku Musina. Anthu aja anachenjera kalekale mu 2009, anataya ndalama yawo n'kuyamba ya eni ake, m'mashopu munadzaza katundu mwezi womwewo. Ife kuno tikukakamira kwacha ngati ndi mayi athu otibereka. May 2022 anaigwetsa ndi 25 peresenti, November 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, inu muli phee. K450,000 yanu ija ikanakhala m'thumba lero ikanagula chiyani? Mlamu wanuyo wakuchitirani chifundo, mukamuphikire chambo.

Mayi wa pa Kauntala
Bambo, mwaiona ndalamayo inu? Mukuti alandire chiyani?

Mfumu ya Msewu wa Joni
Dola ndi dola mayi, musawasokoneze anzanu.

Mwana wa ku Mbare
Ayi achimwene, pamenepo ndiye mwawaponya m'madzi. Ine ndinabadwira ku Harare, bambo anga anali a kwa Chimwala, anapita kumeneko dziko lisanakhale Zimbabwe ndipo anagwira ntchito pa fakitale mpaka kukalamba. Mu 2008 ndalama yonse imene anasunga moyo wawo wonse inasanduka yosakwana buledi. Ndinkawaona akupita ku banki m'bandakucha, kubwerako madzulo ndi chikwama chodzaza mapepala, mitengo itakwera kale ali pamzere. Kumayambiriro kwa 2009 mpamene panatuluka pepala lija la 100 trillion. Atamwalira tinawapeza nawo mapepalawo m'katini ya nsapato, atawamanga ndi mphira bwinobwino, mtolo uliwonse atalembapo mwezi wake. Amenewonso ankatchedwa madola.

Mu 2009 n'zoona anthu anayamba dola ya Amereka, randi, pula ya ku Botswana ndi mapaundi. Koma mu 2016 boma linatulutsa ndalama za pepala zotchedwa ma bond note, n'kunena kuti imodzi ndi yofanana ndi dola ya Amereka. Sizinakhalitse, pamsewu anthu anayamba kuisiyanitsa. Mu February 2019 tinangodzuka ndalama za m'ma akaunti zikutchedwa RTGS dollar. June chaka chomwecho analetsa ndalama zakunja, March 2020 anaziloranso. April 2024 anabweretsa ndalama yatsopano yotchedwa ZiG, inayamba pa 13.56 ku dola imodzi ya Amereka, pofika kumapeto kwa September chaka chomwecho anaigwetsa kupitirira 24. Ndiye munthu wochokera ku Harare akati ndabwera ndi madola, ife timayamba tafunsa kuti a boma liti, a chaka chiti. Asisi, onani ngati pali miyala itatu yosanjikizana ndi mawu oti Reserve Bank of Zimbabwe. Ngati ilipo, khalani pansi kaye musanawerenge.

Kabaza wa pa M'baluku
Ngati ndi ya 100 trillion ija ndiye asisi ndinu olemera kuposa boma lonse la Mangochi, mundilembe ntchito yoyendetsa galimoto kkkk

Anakubala a Katuli
Mwana wanga, ine za madola sindizidziwa, koma nkhani za m'banja pa Facebook? Apongozi ako wawavula pagulu chifukwa cha nkhuku. Ankhoswe ako ali kuti? Dzina wabisa, koma usipa, Namwera, mlamu wa sipika, ndani sakudziwa? Ana a masiku ano mumapita ku chinamwali kukangodya mpunga basi.

Membala wobisa dzina
Amayi, ankhoswe anga ndi amalume, ndipo nawonso ali nane ngongole ya malata atatu. Ndikawauza chiyani? Komanso mkazi wa mlamuyo dzulo wandiyankha mwano pa mjigo, anthu onse akumva.

Mayi wa pa Kauntala
Asisi mwabwera, chonde yankhani funso langa lija. Pepalalo lalembedwa chiyani?

Mnyamata wa ku Makanjira
Ine zinandionekera koma osati za ku Zimbabwe. Ndinkagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Ficksburg, tsidya lake ndi Lesotho. Tsiku lina ndinaoloka kukagulitsa foni ndi njinga ku Maputsoe ndikukonzeka kubwerera kumudzi. Wogulayo anandipatsa maloti, akuti ndi chimodzimodzi randi. Sananame, chifukwa ku Lesotho loti imodzi ndi randi imodzi, ndipo m'shopu ukapereka randi chenji amakupatsa chosakaniza. Koma nditangooloka mlatho kubwerera ku South Africa, pogula tikiti ya basi anandikankhira ndalama zanga n'kundiyang'ana ngati ndabweretsa masamba a mango. Randi imayenda ku Lesotho, koma loti siyenda ku South Africa. Ndinachita kubwereranso ku boda kukasintha modula. Awiri a M50 ndikadali nawo, mayi anga anawaika m'chikwama cha makadi a kuchipatala, akuti tsiku lina adzagwira ntchito.

Mfumu ya Msewu wa Joni
Aise wandithandiza kulankhula. TAMVERANI NONSE. Lesotho, Eswatini ndi Namibia onse ali ndi ndalama zawo, loti, lilangeni ndi dola ya Namibia, koma randi ikuyenda momwemo pa mtengo wofanana. Alipo anafa? Ulipo umene unamva kuti ku Maseru anthu agona pa filing'i siteshoni chifukwa kulibe forex? Ife a Mangochi theka la mudzi uliwonse lili ku Joni. Nyumba zamalata zonse mukuziona kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Makanjira ndi randi imeneyo. Njinga zamoto ndi randi. Lobola, sadaka, fizi, randi. Ndiye chovuta n'chiyani kungolengeza kuti randi iziyenda m'sitolo? Fodya ku Kanengo amamutchula mtengo m'madola. Malo ogona alendo m'mbali mwa nyanjamu azungu amawauza mtengo m'madola. Kwacha anangotisiyira amphawife kuti izitisungunukira m'manja.

Wophunzira za Chuma ku Zomba
Ankolo, mwasakaniza zinthu zingapo. Mayiko atatu mwatchulawo ali pa mgwirizano ndi South Africa wotchedwa Common Monetary Area. Sikungolengeza pa wailesi ayi. Amayenera kusunga chuma chakunja chokwanira kuchirikiza ndalama yawo imene asindikiza, ndipo chiwongoladzanja chawo chimangotsatira zimene agamula ku Pretoria. Randi ikagwa, nawonso agwa, alibe chonena. Botswana inkagwiritsa ntchito randi koma inaisiya n'kuyamba pula mu 1976. Komanso funso lalikulu ndi lakuti randi kapena dola yoti dziko lonse ligwiritse ntchito tiitenga kuti? Ndalama ya eni ake sungasindikize. Imabwera ukagulitsa kanthu kunja, ndipo ife fodya, tiyi ndi shuga wathu sizikwanira kulipira mafuta, feteleza ndi mankhwala amene timaitanitsa. Zimbabwe yomwe mukuitamayo pofika 2016 madola anasowa m'mabanki, anthu ankagona pakhonde la banki kudikira kutapa pang'ono chabe. Ma bond note anabwera chifukwa cha kusowa komweko.

Mfumu ya Msewu wa Joni
Iwe mwana, unayamba waolokapo Zambezi pa Tete? Za m'buku zako zomwezo. Ine ndikukamba zimene ndimaona ndi maso.

Wophunzira za Chuma ku Zomba
Sindinaoloke ankolo, koma mayiko ake si a msewu wanu wokha. Panama kuyambira 1904 amagwiritsa ntchito dola ya Amereka, yawo ya balboa imangokhala makobidi. Ku Liberia kumayenda dola ya Liberia ndi ya Amereka limodzi, mitengo yake yosiyana kutalitali. Ku Cambodia riel ndi dola. Cuba inali ndi ma peso a mitundu iwiri mpaka anathetsa ina mu 2021. Kumene ndalama ziwiri sizili pa mtengo wokhazikika, amene amalandira yolimba amakhuta, amene amalandira yofookayo, monga aphunzitsi, anamwino ndi opuma pantchito, ndi amene amalira. Mukufuna zimenezo zibwere kuno mwalamulo?

Mfumu ya Msewu wa Joni
Zinabwera kale, iwe sukuona? Funsa amene amagulitsa masipeyala pa boma kuti mtengo amawerengera reti ya ku banki kapena ya kuseri.

Aphunzitsi Opuma a ku Malindi
Ana inu mukukangana za dzana. Ife tinagwiritsapo mapaundi, mashereni ndi matiki m'dziko lomwe lino. Nthawi ya chitaganya ndalama inali imodzi kuchokera kuno mpaka ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndi ku Kitwe, munthu ankachoka nayo ku Fort Johnston, Mangochi wa lero, kukagula nayo buledi ku Bulawayo. Kwacha inabwera mu 1971, makwacha awiri pa paundi imodzi. Inali ndalama yaulemu, K10 unkaiika m'thumba la mkati n'kumangapo pini. Penshoni yanga lero ndikalandira imathera pa sitolo ya mankhwala ndisanafike pa depoti. Mapanga awiri avumbwitsa, konzani kwacha yomweyi. Ndipo mayi wofunsayu aphunzire kulemba mwachidule, ndawerenga mpaka magalasi kuchita nthunzi.

Anti a ku Chiponde
Amene akuti abwere kuno ku Chiponde ndani? Asabwere ndi zimenezo. Kuno anyamata a pa boda amadziwa kwacha, metikali, randi ndi dola ya Amereka basi. Ife tikaoloka kupita ku Mandimba kukagula zitenje ndi mafuta ophikira, pamsika kwacha amalandira, komatu si lamulo la Mozambique limenelo, ndi kuzolowerana chabe kwa anthu a m'malire. Ukangopitirira kulowera ku Cuamba kapena ku Lichinga kwacha yako palibe akuifuna. Ndiponso osintha a pamsewu muziwaopa. Mchemwali wanga anamuwerengera bwinobwino pamaso pake, wina n'kukuwa kuti apolisi, onse balala, pofika kunyumba anapeza pakati pa mtolo pali mapepala a kope odula bwino. Kukadandaula sungapite chifukwa nawenso walakwira lamulo.

Dola Fasta
Mayi bwerani ku inbox, ndimagula madola pa reti yabwino kuposa banki, ndalama pompopompo pa foni.

Admin 2
Dola Fasta tamuchotsa. Aliyense wokuitanirani ku inbox pa nkhani ya ndalama ndi wakuba mpaka atatsimikiza kuti si wakuba. Komanso kusintha ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo cha Reserve Bank of Malawi ndi mlandu, gulu lino lisakhale msika wake.

Mayi wa pa Kauntala
Poti mwini nkhani sakuyankha, ndingolemba, mwina awerenga. Ine ndinagwirapo ntchito yowerenga ndalama zakunja. Ya Amereka imalembedwa The United States of America ndi Federal Reserve Note. Ya 100 ili ndi nkhope ya Benjamin Franklin, yatsopano yake ili ndi kamzere kabuluu kotsika pakati. Ya 50 ndi Grant, ya 20 ndi Jackson, ya 1 ndi Washington. Ngati ndi zimenezo, tengani chitupa chanu cha unzika, mupite ku banki pa boma kapena ku bureau yovomerezeka, mumutenge mlamuyo apite nanu. Akaziika pa makina pamaso pake. Zong'ambika, zolembedwalembedwa ndi zakale za mitu ing'onoing'ono nthawi zambiri amazikana, ndipo za ku Harare zimabwera zitatopa kwambiri chifukwa zimazungulira m'manja mpaka kufewa ngati kansalu. Musasainire kapena kuvomera pamaso pa anthu kuti ngongole yatha musanagwire makwacha m'manja. Ngati ndi ZiG, ine sindinaionepo pa bolodi la banki iliyonse kuno. Ngati ndi za Zimbabwe zakale, zija za 2008 anazithetsa mu 2015, za ma bond zinalowedwa m'malo ndi ZiG mu 2024.

Mfumu ya Msewu wa Joni
Ku banki? Kuti akawadye pa reti? Mayi inu mukufuna mnzanu alire kawiri. Ndiye chifukwa chake ndikunena kuti dola ikanakhala yovomerezeka, mayiwa akanangopita nayo kwa a bursar kusukulu, nkhani yatha. Ku Harare fizi amalipira ndi dola yomweyo.

Mwana wa ku Mbare
Mukuiwala kuwauza za chenji achimwene. Zaka zoyambirira za dola ya Amereka zija ukagula sopo ndi dola, chenji ankakupatsa maswiti, bolopeni kapena kakapepala koti udzatengere china tsiku lina, chifukwa makobidi a Amereka kunalibe. Pa minibasi kondakitala ankakukwatitsani awiri osadziwana, kukupatsani dola imodzi kuti mukagawane nokha potsika. Mayi anga anayendapo mtunda ndi bambo wachilendo kufunafuna wowasinthira. Inu mumangodutsa pa thiraki, simunakhalemo.

Mfumu ya Msewu wa Joni
Bola maswiti asisi, amatsekemera. Kwacha ikagwa amakupatsa chiyani?

Che Mwalimu wa pa Msikiti
Nkhani iyi ndi yapafupi. Munakongoza makwacha, akubwezereni makwacha, kuchuluka kwake komweko, osaonjezera osachotsera. Ntchito yosintha ndi ya wokongola, si ya wokongoza. Ngati madola akewo ndi enieni, apite yekha akasinthe, abweretse K450,000, chenji chimene akuchifunacho atsale nacho. Akakana kupita yekha, mwadziwa kale zimene zili mu envulopumo. Ndipo tsiku lina ngongole muzilemberana pamaso pa mboni, Buku lathu la Qur'an linatiuza kale.

Mayi a Mapasa
Shehe, ndiye mayiwa aluze? K450,000 ya 2023 ndi ya lero n'zofanana? Nthawi imeneyo inali mabasiketi angati a usipa, lero ndi angati? Ine mchimwene wanga weniweni anandibwezera patatha zaka, ndalama yake yomweyo, ndinangogulira thumba la feteleza limodzi pomwe ndinamupatsa ya matumba anayi. Mpaka lero sitilankhulana bwino. Ngati ali madola enieni asabweze chenji chilichonse, ndi chipukuta misozi.

Che Mwalimu wa pa Msikiti
Mayi, choonjezera chochita kupangana ndi riba, katapira woletsedwa m'Chisilamu. Akapereka yekha mwa kufuna kwake ngati kuthokoza, imeneyo ndi nkhani ina.

Mayi a Mapasa
Mlamu wogula sipika asanabweze ngongole athokoza ndani?

Kabaza wa pa M'baluku
Ine ndikungofuna kudziwa ngati mkazi wa Chishonayo ali ndi mng'ono wake.

Membala wobisa dzina
Pepani ndinali ku chigayo ndipo foni inatha moto. Zikomo nonse, ena mwandinyoza koma Mulungu akuona. Kujambula sindingathe chifukwa envulopuyo ili kwa apongozi, anaitsekera m'sutikesi, akuti andipatsa Lachisanu tikachoka ku Juma pamaso pa amalume, ndikavomera kaye kuti ngongole yatha ndiponso ndikapepesa mkazi wa mwana wawo za pa mjigo zija. Ine ndinangoona mlamu akuwerenga chapatali, zinali zambiri ndithu, mtolo wonenepa, zina zobiriwira zina ngati zofiirira. Amuna anga akuti ndikuchulutsa zokamba. Kodi nkhope ija mukuti ya ndani?

Mwana wa ku Mbare
Mtolo wonenepa? Mayo ine. Ngongole imeneyo m'madola a Amereka ndi timapepala towerengeka, tokwana m'thumba la malaya osaoneka n'komwe.

Mfumu ya Msewu wa Joni
Mwina ndi za wani dola zambirimbiri, ku Zimbabwe n'zimene zimayenda kwambiri. Musamuweruze mnyamatayo musanaone. Koma mfundo yanga ikadali pomwepo, RANDI IBWERE.

Mayi wa pa Kauntala
Asisi, Lachisanu musavomere kanthu envulopu isanatsegulidwe. Mutenge mwana wanu wa Fomu 3 uja akawerenge mawu a pamwamba mokweza, amalume akumva.

Anakubala a Katuli
Mwana akawerenge ndalama pamaso pa agogo ake ngati wapolisi? Mukufuna kuphwasula banja la eni inu.

Wophunzira za Chuma ku Zomba
Ankolo a Msewu, simunandiyankhebe kuti randiyo tiitenga kuti.

Mfumu ya Msewu wa Joni
Ndikuyankha ndikafika pa Mwanza, netiweki ikuvuta. Amene ali ndi katundu wopita ku Joni thiraki inyamuka Lolemba, ufa ndi nsomba zouma tikulandira, nyama ayi.

Mayi a Mapasa
Randi lero ili pa bwanji? Wanga watumiza dzulo koma akundiuza zosamveka.